Impso Zanga za Masamu

Lachitatu, m'chipinda changa ku Berea. Tsiku lonse mutu unali m'mitambo, ndikuyerekezera pakompyuta mmene impso zimagwirira ntchito.

Mayi Nabanda, aneba a chipinda chapamwamba, anandipeza masana ndikuyankhula ndekha, ndikunyengerera mchere wa pakompyuta kuti ubwerere m'magazi. Ndinkadziona ngati kadontho ka madzi, ndikutsetsereka m'timachubu ta impso, mchere ukundikoka malaya.

"Achimwene, sukulu yake ndi imeneyi?" anaseka. Kenako anatulutsa pepala lakuchipatala la amuna awo. "Inu mumadziwa za impso. Achira?"

Impso zanga ndi za masamu, sizitupitsa munthu miyendo.

"Sindikudziwa, mayi. Koma Lachisanu ndikuperekezani, tikafunse limodzi."

Anakhalabe nthawi yaitali, akuonerera timizere tabuluu tikuyenda pakompyutapo.

"Zanuzi zikugwira bwino, neh," anatero chapansipansi, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.