Masipika a Bambo a Tamanda

Chinakanaka, Mulanje
16 Juni, 2019

Okondedwa achemwali Emma,

Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu muli bwino ku Mzuzuko. Kuno chiperoni chatigwira, phiri silikuoneka, zovala sizikuuma. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mukanathamangira kundiuza kuti ndikapemphere ndisanamalize n'komwe, monga mwa chizolowezi chanu. Werengani kaye mpaka kumapeto.

Mukuikumbukira kompyuta ija malemu bambo a Tamanda ankasungiramo mavidiyo a alendo omwe ankawaperekeza kuphiri? Chiwakokolereni madzi ku Chambe kuja, ndinkaiyatsa masana aliwonse kuti ndingomva mawu awo, akuseka, akuwanamiza azungu mayina a mitengo. Ndiye mwezi watha mlamu wanga McDonald, uja wodziwa zonse, anachotsamo pulogalamu yakale n'kuikamo yatsopano, ati kuti izithamanga. Ikuthamangadi, koma mawu anatheratu. Amuna anga a Robson akuoneka, pakamwa pakuyenda, dzanja likuloza mtsinje, koma zii. Zinandipweteka ngati ndawaika m'manda kachiwiri.

Ndinaitana Joice, mayi wokonza makompyuta pamsika pano. Anayamba ndi zing'onozing'ono: voliyumu, moto wa masipika, chingwe ngati chili pa kabowo kobiriwira kumbuyo. Masipikawo atawalumikiza ku foni yake, nyimbo inalira bwinobwino. Kenako anati, "Pulogalamu yatsopanoyi yafufuta madiraiva, omwe amachititsa kuti mawu azituluka. Tiikamo ena." Anaika, anazimitsa, anayatsanso. Zii. Anayesa mahedifoni, chimodzimodzi. Chomwe chinamuimitsa mutu ndi kamzere kosonyeza kukwera kwa mawu. Kankadumphadumpha ngati pali munthu akulankhula, chonsecho vidiyo tinali titatseka.

"Palibetu chomwe tatsegula apa," anatero Joice motsitsa mawu.

Apo n'kuti Tamanda atakhala pamkeka patsogolo pa masipika. Anapendeketsa mutu n'kuyankha kuti, "Eya, adadi. Ndadya."

Joice analongedza zida zake. Sanabwerenso, ndipo tikakumana pamsika amayang'ana kumbali.

Achemwali, mwana wa zaka zinayi amatha kupeka, ndikudziwa, ndipo ndinadziuza zomwezo. Koma iyeyu amadikira kuti kamzereko kaime kaye ndiye n'kuyankha, monga tinamuphunzitsira kuti wamkulu sadulidwa pakamwa. Ndinazula masipika n'kuwatsekera m'sutikesi. Iye akumvabe.

Lachinayi ndikuchapa kuseri, m'nyumba munangoti bata. Tamanda ndinakamupeza patali, m'kanjira ka m'munda wa tiyi kolowera kuphiri, wopanda nsapato, akukwakwaza jekete la bambo ake m'matope. Nkhungu inali itatsala pang'ono kumumeza. Nditamugwira sanalire. Anangoti, "Amama, ndisiyeni. Adadi akuti ku Chambe kukuzizira, ndiwapititsire. Akuti si patali."

Chonde bwerani mudzamutenge Loweruka, akakhale kwanu. Panopa ndikumamubereka ngati khanda, koma msana wanga suli wachitsulo, ndipo chitseko amatha kutsegula yekha.

Funso lanu ndikulidziwa: bwanji osangozimitsa chinthucho, kapena kumupatsa McDonald akachigulitse ku Muloza? Dzulo ndinagwira pulagi. Ndinaima pamenepo mpaka phala linapserera, kamzere kakudumpha, ine ndikungokayang'ana. Sindinazule. Nanga akakhala kuti ndi iwodi, mawa nanenso makutu n'kutseguka? Ndikuchita manyazi kulemba izi, koma ndikumuchitira nsanje mwana wanga yemwe.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mubwere ndi juzi, kuno kwazizira. Tamanda akuti moni kwa amayi ake aakulu. Ali pompano pamkeka, watchera khutu. Ndalephera kupirira, ndamufunsa ngati adadi akewo anenapo chilichonse chokhudza ine. Wamvetsera kaye, kenako watembenuka n'kunena kuti, "Akuti musatumize kalatayo."

Tamanda satha kuwerenga, ndipo sindinamuuze chomwe ndikulemba. Ndazula pulagi, achemwali. Ndikumubereka tsopano lino kuti ndikapereke kalatayi kwa kondakitala wa basi. Musadikirenso Loweruka.

Ndine mng'ono wanu,
Rosie