A Gulo akuti ndiwayang'ane m'maso

Amayi, pepani kuti ndikukusokonezani pamene mukupuma. Kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno tilipo. Achemwali a Esinati anachira, mwana wamwamuna, ndipo watenga mphuno yanu. Nandolo wabereka bwino chaka chino, koma denga la kukhitchini likudonthabe.

Chandilembetsa kalatayi ndi mantha. Ku esiteti kumene ndimathyola tiyi kunabwera bambo wina wokalamba wa ku Philippines, anatsatira mwana wawo amene amakonza makina kufakitale. Kwawo ndi katswiri womenyana ndi ndodo. Anati tiziwatchula Guro, kutanthauza mphunzitsi, koma lilime lathu linakana, aliyense amangoti a Gulo. Atamva kuti gulo ndi buluzi wogwedeza mutu uja anaseka mpaka kutsokomola, ndipo masiku ano amatigwedezera mutu dala.

Ndinayamba kupita kukaphunzira kwa iwo pamene anyamata anandilanda thumba panjira ya ku Limbuli, masanasana. Sindinakuwe n'komwe, Amayi. Atsikana ena a kumunda nawonso zinawachitikirapo, ndiye timapita limodzi tikaweruka.

A Gulo akuti anaphunzira kwa agogo awo aamuna m'munda wa nzimbe. Poyamba sankaloledwa kugwira ndodo, ankangopondaponda pa zigoba za kokonati mpaka mapazi anadziwa kuzinda okha. Kenako ndodo, pamapeto pake chikwanje. Atakula analonderapo sitima zapamadzi, anaphunzitsaponso asilikali, ndipo zala zawo zina n'zopindika. Ife amatipondetsa pa njerwa, ndodo zathu ndi za nsungwi.

Vuto langa ndi maso. Inu munkati, "Maso pansi, Felesiya, ulemu uli m'mawondo." Ndiye iwo akamabwera ndi ndodo ine ndimazyolika, ndodo n'kundipeza pazala. Tsiku lina ndinagwada polandira ndodo, ndi manja awiri. Anandidzutsa n'kundiuza m'Chichewa chawo chothyokathyoka kuti, "Iwe gwada kunja. Muno yang'ana ine. Wakuba sadikira ulemu."

Tsopano chifuwa chawavuta, chiperoni sichikuwayanja, ndipo akubwerera kwawo. Asankha ine kuti ndipitirize kuphunzitsa atsikana. Akuti mapazi anga ndi abwino chifukwa anazolowera zitunda za tiyi. Koma mwambo wa kwawo ndi wakuti wophunzira alimbane ndi mphunzitsi wake anthu akuona. Loweruka likubwerali, pabwalo la mpira, ndiyenera kuwakwezera ndodo ndikuwayang'ana m'maso. Ndikazyolika, akuti sangandisiyire atsikanawo, pakuti ndingawaphunzitse kumenyedwa mwaulemu. Zikatero maphunziro athera pomwepo, ndipo njira ya ku Limbuli idakalipobe.

Amalume anamva nkhaniyi kumsika. Anabwera osakhala n'komwe pampando, n'kundifunsa ngati alipo mwamuna amene angakwatire mkazi wokwezera nkhalamba ndodo. Anatinso ndikuchititsani manyazi kumanda. Zaukwatizo sizinandipweteke kwambiri. Za inuzo n'zimene zandilanda mtendere. Ndikuopanso kuwapweteka a Gulo, ndi a msinkhu wa agogo ndipo akupuma movutikira. Ndikuopa anthu kundiseka. Ndikangoganiza za Loweruka maganizo amachoka pantchito, moti dzana a kapitawo anandikalipira kuti ndathyola masamba okhwima.

Ndakhala ndikuyeserera kuyang'ana m'maso. Ndinayamba ndi mbuzi yathu, ndipo ndiyo inayamba kuyang'ana kumbali. Dzulo ndinayesa ndi mayi wogulitsa tomato ku Nkando, anandifunsa ngati ndikudwala. Munthu wamkulu wamwamuna sindinayesebe.

Ndipita, Amayi. Sindinataye chimene munandiphunzitsa. Ndikulonjeza kuti ndodo zikangotsika, ndidzawagwadira pamaso pa anthu onsewo, amalume aone kuti ndidakali mwana wanu. Koma panthawi yochepa imeneyo ndikupempha kuti mundilole kudzutsa mutu. Chonde mundiyankhe msanga Loweruka lisanafike, ngakhale kumaloto. Simukuyenera kulankhula zambiri, ndimaidziwa nkhope yanu mukakana.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesiya