Wotchi Yondilonda

Lolemba, 3 Juni 2024

Sisi Carolina atumiza voisi kuchokera ku Joni. Akuti, "Dori, ndatopa kumva zoti foni yakuthimira uli pamsewu. Ndikugulira wotchi ya GPS. Sankha wekha, ndipatsira a basi." Ndavina ndekha kuseri kwa shedi ya fodya ngati wamisala.

Atumiza zithunzi zitatu. Yakuda: ya mabatani, yosaoneka bwino, ngati ya msilikali, koma batire lake akuti limapitirira sabata. Yapinki: yokhudza pagalasi ngati foni, imaimbanso nyimbo, koma kutchaja pafupipafupi. Yabuluu: batire lapakatikati, ndipo akuti munthu ali kunyumba amaona pafoni yake pamene wafika.

Kuno ku komboni magetsi kulibe, timakatchajitsa pa sola ya kumashopu. Ndiye yapinki yagwa kale. Ine mtima uli pa yakuda. Chimene ndikufuna n'choti izindiuza liwiro langa, basi.

Chaka chatha pa marathoni ya ku Harare ndinanyamuka ngati ndaba nkhuku, kulimbana ndi atsikana a kuyunivesite. Cha kumapeto miyendo inasanduka zipika. Ndinamaliza ndikuyenda, misozi ili mbwee. Sekuru Christmas, agogo amene amandiphunzitsa kuthamanga, anati mphamvu ndili nazo, koma sindidziwa pamene ndikuzimwaza. Iwo wotchi yawo ndi ya singano, mtunda amayezera mapolo a m'mbali mwa msewu. Chaka chino ayi. Sindimalizanso ndikuyenda.

Lachiwiri, 4 Juni

Zodabwitsa. Amuna anga a Lazaro, amene chiyambireni kuthamanga sanandifunsepo n'kamodzi komwe kuti kwayenda bwanji, lero atenga foni yanga n'kumayang'ana mawotchi aja mpaka tiyi kuzizira. Kenako akuti, "Mai Kudzai, tengani yabuluuyi. Ndi yabwino."

Ndawauza za batire. Akuti batire si nkhani, azikanditchajitsira okha.

Azikanditchajitsira okha! Mtima wanga unangoti myaa. Ndawakazingira mazira amene ndimasungira Lamulungu. Mwina munthu wayamba kundinyadira.

Lachitatu, 5 Juni

Chitsiru ndine. Mazira anga!

Mu shedi tikusankha fodya, Maidei, amene timakhala benchi imodzi, wangoyamba mokweza kuti onse amve, ndi "hanzi" wake uja, "akuti" wa kuno: "Hanzi kukubwera wotchi yabuluu, shamwari? Hanzi tsopano a Lazaro aziona pafoni kumene mumakhotera ndi madala aja m'mabulugamu."

Azimayi onse mitu pansi, kunamizira kuyang'ana masamba, mapewa akugwedezeka.

Ndamufunsa wamva kwa ndani. Akuti kwa mwamuna wake Tickey. Akuti pa tsoro, bawo wa kuno, kumashopu amuna akhala akuwaseka a Lazaro kuti mkazi wawo amatuluka kukadali mdima ndi mwamuna wina, ndiye dzulo a L. anadzitama kuti apeza mankhwala ake. Anaimbiranso sisi Carolina ine osadziwa, kuti agule yabuluu.

Ndi ukali ndasakaniza magiredi a fodya, foromani n'kundikalipira. Ndiye kuti ndakalipiridwanso chifukwa cha zopusazi.

Sekuru Christmas! Munthu amene anachokera ku Tete, n'kugwira ntchito limodzi ndi bambo anga pafamu ino isanagawidwe maploti. Ananyamula nawo bokosi la bambo anga. Mano atsala ochepa, bondo linafa kalekale, amanditsatira panjinga akutsokomola. Ameneyo ndiye chibwenzi changa? Ngati akufuna kundinamizira, bwanji osandipezera wamano?

Lachinayi, 6 Juni

Ndawapeza a L. akumanga waya pakhola la nkhuku titaweruka.

"Baba Kudzai, wotchi yabuluu ija mukuifunira chiyani?"

"Ndanena kale, ndi yabwino."

"Yabwino kwa ndani?"

Kumangopotokola waya. Kenako, "Anthu akulankhula."

"Anthu ake ati? Tickey?"

"Mkazi wapabanja, kabudula, mbandakucha, m'mitengo ndi mwamuna wina. Mukanakhala ine mukanatani?"

"Ndikanafunsa mkazi wanga. Osati makina."

Apo ndi pamene ananena mawu amene akundiotchabe mpaka pano: "Ngati palibe chobisa, mukuopa chiyani?"

Ndikuopa chiyani! Ine amene ndimadzuka kukuzizira chonchi, kuthamanga, kubwera kudzawatenthetsera madzi, kukonzekeretsa mwana wathu Kudzai kusukulu, kukaima tsiku lonse m'fumbi la fodya, kubweranso kudzaphika sadza, nsima ya kuno. Nthawi ya chibwenzi ndingaipeze pati? Ndikapeza kampata ndimagona tulo, ndiye chibwenzi changa chimenecho. Ng'ombe za a bwana a ploti ndi zimene zimavekedwa belu pakhosi. Ine ayi.

Ndaimbira sisi Carolina ndikuyesa andithandiza kukwiya. Akuti, "Dori, ingotenga yabuluuyo pakhomo pakhale mtendere. Amuna ndi choncho." Iwowa? Amene anasiya mwamuna ku Chegutu chifukwa chowapisa m'chikwama? Mtendere ndi wotchipa ukamaugulira mnzako uli ku Joni. Ndadula foni ndisanalankhule zoti ndidzapepese.

Lachisanu, 7 Juni

A L. sindikulankhula nawo. Chitunda cha kudamu ndachikwera mobwerezabwereza mpaka Sekuru kundigwira dzanja: "Mwana wanga, chitundachi sichinakulakwire."

Loweruka, 8 Juni

Ndakwera kombi kudzera ku Ruwa mpaka m'tauni, ndikaone mawotchiwa ndi maso anga. Kusankhira pachithunzi ndatopa nako.

Mu shopu ya zamasewera ndinapeza mtsikana, dzina lake Everjoy. Poyamba anayang'ana mateki anga, nsapato zothamangira zong'ambika kuchala, n'kunditengera yapinki. Nditamuuza kuti ndinamalizapo marathoni anasintha nkhope, n'kutulutsa zonse. Yakuda ndi yopepuka kuposa mmene imaonekera. Manambala akuluakulu, owerengeka ngakhale dzuwa likuwala. Mabatani ake ungadine ndi zala zathukuta kapena zouma ndi chisanu. Ukhoza kuiuza liwiro limene ukufuna, ukapitirira imanjenjemera padzanja. Ndiye Sekuru wapamkono ameneyo. Sindinafune kuivula.

Kenako ndinafunsa za yabuluu, mmene imaonetsera munthu pamene uli. Akuti wotchi payokha siingathe. Uyenera kunyamula foni, foniyo ikhale ndi data, pakhale netiweki, ndipo woyatsa ndiwe wothamangawe. Ndinaseka mpaka mlonda wapakhomo kusuzumira. M'mabulugamu mwathu muja netiweki? Ngakhale utakwera mumtengo! Mankhwala a a L. aja, mankhwala odzitama nawo pa tsoro, sagwira ntchito popanda chala changa.

Ndinamufotokozera Everjoy pang'ono. Akuti, "Aaa, mhamha, zosavuta. Tengani yabuluu, osayatsa. Akafunsa muziti netiweki."

Ndaganiza zimenezo njira yonse pobwerera. Zikanathekadi. Koma ndiye kuti ndiyambe kunama tsiku ndi tsiku pofuna kubisa mlandu umene sindinapalamule. Ndiponso nditaye wotchi imene ndikuifuna. Ayi.

Chondipweteka kwambiri n'china. Mu Epulo, tsiku lina Sekuru akudwala, ndinathamanga ndekha. Cha kudamu galimoto ina inayamba kunditsatira pang'onopang'ono, munthu m'katimo osalankhula, kungondiyang'ana. Ndinalumpha waya n'kudutsa m'munda wa chimanga, miyendo yonse magazi. Nditawauza a L. anangoti, "Ndiye muzikhala pakhomo." Akanati Lachiwiri lija anene kuti tengani yabuluu chifukwa cha galimoto ija, ndikanaitenga ndi manja awiri, batire kaya likhale la tsiku limodzi. Koma chimene chikuwasowetsa tulo si moyo wanga. Ndi kuseka kwa Tickey.

Ndawalembera sisi Carolina: "Yakuda. Apo ayi musiye, ndizithamangira mapolo." Ayankha ka nkhope kotukula maso kumwamba, kenako, "Chabwino, mwini miyendo."

Lamulungu, 9 Juni

Lero linali la mtunda wautali. Ndinadzuka udzu uli mbuu ndi chisanu, ndavala, n'kuwavundukula bulangete.

"Dzukani. Mumafuna kuona kumene ndimapita."

"Mai Kudzai, kukuzizira."

"Nanenso ndikumva. Njinga ili panja."

Ndinkayesa akana. Anadzuka, mwina chifukwa cha manyazi, n'kuvala jekete la ovolosi.

Sekuru anali pageti la komboni monga mwa masiku onse. Nkhani anaimva kale, pano palibe chobisika. Ndinkaopa kuti awakalipira, kapena, choipa koposa, asiya kundiphunzitsa. Koma anangowalonjera a L. bwinobwino, n'kumasula botolo la madzi ndi kapepala ka nthochi panjinga yawo, kuwapatsa. "Bondo langa lero lakana. Madzi umupatse pamlatho, padamu, ndi pamene amapempherera a Mapositori. Usamulankhulitse. Usamupitirire." Atatero anatembenuza njinga, ulendo kwawo. A L. anatsala ndi botolo m'manja.

Tinanyamuka. M'mabulugamu muja aona zimene zilimo: mchenga, mizu, ndowe za ng'ombe. Njinga inkatitimira, iwo kutsika, kukankha, kukweranso. Pamlatho anandipatsa madzi bwino. Pachitunda cha kudamu ndinawasiya akukankha njinga, akupuma ngati thirakitala yakale. Sindinadikire. Anandipeza ndikubwerera.

Pobwerera njira imadutsa kumashopu. Dzuwa linali litatuluka, amuna a tsoro ali kale pakhonde kuothera, Tickey pakati. Atationa anaimirira. "Lazaro! Wasanduka wotchi ndiwe tsopano?" Onse gwedegwede kuseka. Kenako anawonjeza zina zokhudza ntchafu zanga, zoti sindingalembe.

Ndinamva mabuleki kulira kumbuyo kwanga. Ndinamva njinga kugwa pansi. Ndinamva kuseka kuja kuduka. Sindinacheuke. Miyendo inali itagwira bwino, ndipo sindikanaononga mtunda wanga chifukwa cha amuna ndi zochita zawo.

Anandipeza pa Mapositori, azimayi ovala zoyera akutiyang'ana. Jekete linali litang'ambika paphewa, chala chikutuluka magazi. Anandipatsa madzi, ndinamwa, ndinabweza botolo. Sindinafunse. Sananene.

Kunyumba akulephera kukhala pampando, akuyenda ngati wokwera bulu. Atamwa tiyi anangoti, "Ndi kutali."

Ndati, "Marathoni ndi kutali kuposa apa."

Basi. Pepani sindinamumve.

Lolemba, 10 Juni

Tsiku lopuma. Maidei wasamukira benchi ina. Akuti mlomo wa Tickey watupa, akuti anagwa panjinga. Tickey njinga alibe.

Azimayi ena akundiyang'ana ngati ndapambana chinachake. Ndapambana chiyani? Kumenya Tickey n'kosavuta, aliyense pakomboni pano wakhala akufuna. Kupita kwa Sekuru kukapepesa ndiye ndikufuna ndione. Ndawauza a L. zimenezo madzulo ano, maso ndi maso. Anayang'ana pansi n'kumakanda chala chawo chija.

Sisi atumiza chithunzi cha kabokosi. Yakuda. Ikwera basi mawa.

Lachiwiri, 11 Juni

Kunja kukadali kamdima. Ndikulemba ndi dzanja limodzi, linalo lili ndi tiyi. Ndadzuka ndapeza mbali yawo ya bedi ili yozizira kale.

Panja ndikumva pompi, fuu fuu fuu, akupopa tayala. Ndasuzumira pazenera: botolo la Sekuru alitsuka, alidzaza, alimangirira kumbuyo kwa njinga. Pambali pake amangiriraponso tambala wathu wofiira uja, miyendo yomanga ndi luzi. Wokapepesera kwa Sekuru ameneyo, palibenso kwina.

Zondiperekeza lero sindinawapemphe. Ndikadali wokwiya, ndipo ndiwauza tikafika pamlatho.

Akugogoda pazenera. Akuti, "Mai Kudzai, madala akudikira pageti."

Mateki anga ali kuti?