Dzina la wonyamula ketulo

Area 25, Lilongwe
14 Juni 2024

Okondedwa achimwene a Lyson,

Ndikhulupirira muli bwino ku Likhubulako. Bondo lija likukulolani kukwera phiri? Ine kuno ndilipo, kungoti kutopa. Masana ndiphunzitse ana, madzulo nanenso ndikakhale pa desiki ngati mwana. Ndinaziyamba dala, sindingadandaulire munthu.

Kusukulu yamadzuloko atipatsa buku lakale lotchuka, lolembedwa ndi mzungu, kuti tiliunike. Ndi nkhani ya bwana wina wa munda wa tiyi amene akukwera phiri. Wolembayo akuti bwanayo anafika pamwamba ali yekhayekha. Ndinabwerera m'mbuyo n'kuwerenga bwino: anthu khumi ndi anayi anamusenzera katundu. Galu wake ali ndi dzina. Anthuwo alibe, mmodzi amangomuti wonyamula ketulo.

Apo ndiye ndinalitseka bukulo. Mukudziwa mmene ife tinakhalira a Ketulo. Agogo awo a bambo atafika kuchokera ku Mozambiki, kalaliki wa ku esiteti anaona dzina lawo la Chilomwe kutalika, n'kungolemba chimene anasenza tsikulo.

Ndinalemba zimenezi. Aphunzitsi athu akuti wolembayo anali wachifundo pa nthawi yake, ankadana ndi thangata, ndipo ine ndalemba ndi mkwiyo wokhawokha. Chifundocho ndachiona, sindikukana, koma ngakhale bulu amamumvera chifundo. Kenako aphunzitsiwo anandifunsa dzina lenileni la agogowo. Manyazi anandigwira, achimwene. Ndikudzudzula mzungu wakufa kalekale chifukwa cha dzina limene inenso sindilidziwa.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani ku Milonde kwa azakhali a Estele. Ndi okhawo otsala olidziwa, ndipo ndamva kuti matenda awakulira, Chichewa chawathawa, akungoyankhula Chilomwe. Mutenge a Yosefe oyandikana nawo aja akamasulire, inu mukajambule mawu pafoni. Musadikire kuti alendo okwera phiri achepe. Zoti ndikhoza kapena ndilephera, mphamvu yoganizira zimenezo ndilibe. Koma azakhali akapita nalo dzinali, tikhala a Ketulo mpaka kalekale.

Mundiperekere moni kwa mayi, alamu ndi ana onse. Ndipo mawa mukasenza chikwama cha mlendo, mumuuze dzina lanu, ngakhale asakufunseni.

Ine mlongo wanu wotopa,
Ireen, wa kwa Ketulo pakadali pano