Tebulo Limene Mayi Ankalipukuta

Kwa bambo, ana ndi abale onse a malemu, komanso onse akufuna kwabwino,

Kodi alipo angatiuze chifukwa chimene mayi athu, mkulu wa labotale ya pachipatala, ankapukutira tebulo lopanda kanthu m'mawa uliwonse, osalola munthu kuikapo ngakhale kapu ya tiyi?

Ife a bungwe la ogwira ntchito yopima matenda tadzidzimuka ndipo tasweka mitima ndi imfa ya mayiwa, amene ambiri a ife tinaphunzira ntchito m'manja mwawo. Tikukumbukira mmene achinyamata ankawaseka pa za tebulolo kuti, "Mayi, mlendo wanuyu akubwera wapansi kodi?" Iwo ankangomwetulira n'kunena kuti, "Ana inu, mlendo timamuyalira asanafike."

Kwa zaka zambiri anapima magazi, mkodzo ndi makhololo a odwala mosanyinyirika, koma chinthu chimodzi chinkawasowetsa mtendere. M'mayiko olemera dokotala amadziwa msanga mankhwala amene kachilombo kangawamve, pomwe kuno zokapimidwa zimatumizidwa kutali, ndipo podikira dokotala amangoyerekeza, lero awa, mawa awo. Mayi anagogoda pamakomo ambiri kudandaulira odwala athu, ndipo ngakhale ankabwerako chimanjamanja, sanagwe mphwayi.

Mayi atadwala n'kuchitidwa opaleshoni, bala lawo litayamba kutuluka mafinya, madokotala anasintha mankhwala kangapo osaphula kanthu, ndipo mafinyawo anatumizidwa ku mzinda wakutali. Bambo, tinkakuonani mukubwera pawindo la labotale tsiku ndi tsiku, chipewa chili m'manja, kudzafunsa ngati zotsatira zafika, ife n'kumasowa poyang'ana. Zinafika mayi atatsamira kale mkono, ndipo zinatchula mankhwala amene anali m'kabati ya chipatala chomwecho.

M'malo mwa mamembala onse, ine wapampando ndikupepesa kuchokera pansi pa mtima. Mulungu akulimbitseni bambo, ndipo inu ana dziwani kuti mayi anu anali mayi athunso. Makomo amene ankagogodawo tipitiriza kuwagogoda, ndipo tagwirizana kuti tizipukuta tebulo lija mosinthana mpaka mlendo wawo adzafike.

Tebulolo ankasungira makina opimira tizilombo tosamva mankhwala. Makinawo sanabwerebe.

Wapampando wa bungwe