Fungo la Damu la Bwana

14 Seputembala 1978

Dzuwa. Damu la pa esiteti layamba kubiriwira. Ndere pamwamba ponse, kafungo ngati kabichi wogona mumphika. Chaka chilichonse ndi momwemu chibwerere kuno kwa Wimbe. Amuna anga a Lameki tsiku lonse ndi keni m'manja, kuthirira nazale ya fodya. Abwera akununkha damu mpaka m'tsitsi. Ndati asambe kaye asanamunyamule mwana wathu Consolata. Iwo kuseka basi.

2 Okutobala

Bwana mwini esiteti, mkulu wa chipani, anaika nsomba m'damu muja nthawi yokolola. Akuti alendo adzabwera kudzaona chitukuko. Lero a Lameki atsegula pakamwa, nazale yonse ikumva: "Nsomba izi sizifika Khirisimasi. Mvula yoyamba ikangovundula madzi, zonse chagada." Zoona. Ndere ikafa imamira n'kukawolera pansi, ndani sadziwa? Koma anzawo amadziwira mumtima. Akapitawo, a Aloysius, anali pomwepo. Sanaseke.

Ndawakalipira amuna anga mpaka ndiwo kupserera.

29 Okutobala

Kutentha kosagonetsa. Ndere yatuwa, thovu m'mphepete. Consolata kutsegula m'mimba. Madzi akumwa ndikukatunga kudambo, kutali. Mchere watha.

8 Novembala

Mvula dzulo masana, yamphepo, yozizira. Lero fungo la mazira owola mpaka m'nyumba, mpaka m'bulangete. Damu lada bii. Nsomba zonse pamwamba, mimba kuloza kumwamba. Osangalala ndi akhwangwala okha.

Ndikuopa.

9 Novembala

Abwera ayufi a chipani m'mawa, a Aloysius patsogolo. Akuti nsomba zikayandama chonchi ndiye kuti wina wathira katupe, mankhwala ophera nsomba aja. "Munadziwiratu bwanji ngati si inu?" A Lameki kulumbira, kutulutsa khadi la chipani, kuitana anzawo a pa nazale anene kuti fungoli n'la chaka ndi chaka. Onse maso pansi. Ngakhale a Tsoka, amene timakhala nawo benchi limodzi kutchalitchi.

Awakweza pa thirakitala. Keni yawo ili pakhomo, madzi akadali momwemo.

20 Novembala

Kuboma ku Kasungu, wapansi, mwana kumsana. Kupolisi akuti dzina la a Lameki alibe. "Mayi, pitani mukalime." Ndalirira kunjira, osati pamaso pawo.

Ntchito ya a Lameki ndaitenga ine. Kupanda apo nyumba ya esiteti atilanda.

17 Disembala

Mvula tsiku ndi tsiku. Damu ladzaza, madzi ayera, fungo latha. Monga chaka chilichonse. A Aloysius pamsonkhano: "Mwaona? Tangochotsa munthu mmodzi, madzi akhala bwino." Anthu m'manja. Inenso ndawomba, poti maso anali pa ine.

Manja angawa ndikudana nawo.

24 Juni 1979

Chisanu. Damu silinunkha kanthu. Bwana aikamo nsomba zina, zambiri kuposa zija. Za a Lameki, zii. Wina akuti anawatengera kumwera, wina akuti usafunse. Consolata wayamba kuyankhula. Mwamuna aliyense wodutsa ndi "ababa".

16 Seputembala

Kubiriwira kuja kwayambanso, kabichi yemwe uja. Pa nazale palibe wotchula. Tikutunga, kuthirira, kutunganso, ngati mphuno tinazisiya kunyumba. A Tsoka aonda. Sandiyang'ana. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

5 Novembala

Mitambo yakuda kum'mawa, kamphepo kozizira. Fungo layamba kale kukwera. A Aloysius aima pafupi nane pomwe ndimatunga, maso ali pa damu: "Amake Consolata, mukumvako kafungo?" Ndati ayi bambo, sindikumva kanthu. Agwedeza mutu, apita kukafunsa a Tsoka.

Nsomba zikafanso, mwina aona kuti a Lameki analibe mlandu. Ndakhala ndikupempherera zimenezo chaka chonse. Lero ndiye zandifikira: akhozanso kukumbukira kuti a Lameki anasiya mkazi, ndipo amene amalowa m'damu ndi keni yawo m'mawa uliwonse ndine.

Consolata ndikamusiye kwa yani?

Yayamba kudontha.