Nyama Imene Ntchentche Zikuikana

Aphungu,

Kalatayi ndaiyamba katatu n'kuing'amba. Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Manja, ndipo ndimagwira ntchito pa kamalo kena ku Limbe komwe timagaya nyama ndi kupanga soseji. Otigula ndi a magolosale, okazinga tchipisi ndi anthu a maukwati.

Pamene eni malowa, bambo Maurice, anali ndi mphamvu, zinthu zinali m'chimake. Ankapita okha kumsika wa ziweto kukasankha mbuzi zoyenda ndi miyendo yake. Ankati chiweto chiyambe chamwa madzi ndi kupuma, kenako chikaphedwe kumalo ovomerezeka. Nyama inkabwera ndi chidindo cha a vetenale. Chaka chatha anadwala sitiroko, ndiye malowa anatenga mwana wawo, a Clifton.

Panopa kumabwera galimoto yofunditsidwa lona dzuwa litakwera kale. Mbuzi zimakhala zomangidwa miyendo, zosanjikizana ngati matumba a makala. Zapansi zimafika zitafa. A Clifton amati tizisenda zonse kuseri kwa nyumba, zofa zokha ndi zophedwa zomwe. Chidindo ndinasiya kuchiona.

Choyamba kundidabwitsa chinali ntchentche. Mukudziwa mmene Limbe amatenthera mu Okutobala. Kale tinkalimbana nazo tsiku lonse. Tsopano zimadzaza pangalande panja, koma patebulo pathu sipatera ngakhale imodzi. Mphaka amene ankakhalira pakhomo ndinamuponyera kachidutswa. Ananunkhiza, n'kubwerera cham'mbuyo, ndipo sanaonekenso.

Pali chigubu choyera chosalembedwa kanthu chimene a Clifton amathirako m'madzi otsukira nyama. Tikamatsuka, maso amayabwa, manja amasupuka. Fungo lake ndinachedwa kulizindikira. Ndinalimva koyamba tsiku limene tinakatenga thupi la achimwene anga ku mochale.

Mnzanga Hajira, amene ankatsuka matumbo, anasiya ntchito mwezi watha. Iye ndi Msilamu, ndipo nyama amaidziwa. Anatenga ntchafu, n'kuicheka, n'kundionetsa kuda kwake. "Anzanga, mbuzi yozingidwa bwino magazi amatuluka. Iyi magazi anagona m'kati. Ine sindidyetsa anthu zimenezi." Anavula epuloni n'kunyamuka.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi chachitika Lachiwiri masana. Ndinatsekula chipinda chozizira kuti nditenge nyama yogaya. M'mawa tinali titaponyamo mbuzi zinayi zakufa, zodikira kusendedwa. Ndinapeza imodzi itaima. Inaima pakati pa nyama zopachika, mpweya ukutuluka m'mphuno ngati utsi, ikundiyang'ana. Siinalire, siinathawe. Nditakuwa, a Clifton anabwera, anaikoka khutu n'kutuluka nayo. Pobwera anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mayi, za muno zimathera muno. Amene amazitulutsa sadzuka bwino."

Kuyambira tsikulo ndikatseka maso ndimaona mbuzi ija. Ena ku Manja amati ochita bizinesi ya nyama amakhwimira, ndipo zimene ndinaonazo ndi chizimba. Kodi n'zoona?

Vuto lina ndi ili. Vailet, mwana wa achemwali anga, ali ndi chinkhoswe Loweruka la mawa. Soseji zonse waitanitsa kuntchito kwathu chifukwa ndine ndinamuuza kale kuti nyama yathu ndi yaukhondo. Kudzakhala ana, agogo, mpingo wonse. Ndikalankhula, ntchito yatha, mwinanso moyo. Ndikakhala chete, ndidzaima pamenepo n'kumaona abale anga akudya. Ndichite chiyani?

E.M., Manja

Mayi E.M.,

Khalani pansi, mupume. Mwachita bwino kusaing'amba kalatayi kachinayi.

Tiyambe ndi mbuzi. Si mzukwa, si chizimba. Chiweto chomangidwa, chopsinjidwa ndi zinzake pansi pa lona kunja kukutentha, chimakomoka n'kuoneka ngati chafa. Mbuzi ija itapumako pozizira inatsitsimuka. Siinalire chifukwa inalibe mphamvu. Choopsa pamenepo si ufiti ayi, koma nkhanza: mbuzi yamoyo inaponyedwa pamulu wa zakufa popanda woiyang'ana. Ndipo zinzake zimene zinafadi, palibe akudziwa ngati zinafa ndi kutentha kapena ndi matenda. N'chifukwa chake pali a vetenale, amene amaona chiweto chisanaphedwe ndi nyama yake chitaphedwa. Chidindo chija si chokongoletsera.

Za chigubu, sindingalumbire chimene chilimo. Otsimikiza ndi oyeza. Koma mphuno yanu, maso anu ndi ntchentchezo zikunena chinthu chimodzi, ndipo mankhwala osungira mitembo alibe malo m'mimba mwa munthu wamoyo. Inuyo mukuwapuma tsiku lililonse. Pitani kuchipatala, mukaonetse maso ndi manjawo, ndipo mukanene zoona za ntchito yanu. Nyamayo musadye, musapitenso nayo kwa ana.

Vailet mumuuze lero, osati mawa. Pitani nokha, musatume uthenga. Simukuyenera kufotokoza zonse. Mawu akuti "mwanawe, zinthu zasintha kuntchito kwathu, nyama ukagule kwina ndipo uonetsetse chidindo" ndi okwanira. Adzadandaula ndi zokonzekera zake, inde. Koma kudandaula kwa sabata imodzi n'kopepuka poyerekeza ndi kuyendera alendo a pachinkhoswe m'zipatala.

Mukatero, pitani ku ofesi ya zaumoyo ya khonsolo ya mzinda, komanso kwa a vetenale a boma. Kanenenitu zimene mwaona ndi maso: nthawi imene galimoto imafika, kumene amasendera, pamene chigubu chimakhala. Za chizimba mukazisiye kunyumba, zingachititse kuti nkhani yanu ipepuke. Pemphani kuti dzina lanu lisatchulidwe. Mufuneni Hajira mupite naye. Iye alibenso ntchito yoti aiteteze, ndipo mboni ziwiri sizikankhidwa msanga. Akakuzengerezani ku ofesi imodzi, gogodani ina. Mawu oopseza aja ndi nkhani ya apolisi, ndipo muuzeko munthu mmodzi wa m'banja mwanu kuti ananenedwa.

Mukuopa kuti "sadzuka bwino." Mayi, munthu wodalira mankhwala a ufiti saopa oyendera malo. A Clifton akuopa, n'chifukwa chake akukuopsezani. Mantha anu ndiye loko yekhayo amene ali naye pachitseko chimenecho.

Sindikunamizani za ntchito: ikhoza kutha. Malowo akhoza kutsekedwa mpaka atakonzedwa. Yambani kufunsa kwina panopa. Munthu wodziwa kupanga soseji, amene anaphunzira pamene zinthu zinkachitika mwadongosolo, mabutchala a mu Limbe ndi mu tauni samusowera pomuika.

Chenjezo langa ndi ili. Musatenge chigubucho, musajambule ngati pali wokuonani, musalembe za nkhaniyi pa foni m'magulu, ndipo musawachenjeze a Clifton poganiza kuti mukuwachitira chifundo. Mukatero, oyendera adzapeza pansi pokolopedwa ndi matebulo owala, adzasaina n'kubwerera. Galimoto ija idzangosintha nthawi yofikira, ndipo soseji zimene Vailet wakana zidzadyedwa ndi mwana wa munthu wina amene alibe wachibale womuchenjeza.

Aphungu